Makina Amene Ankasonkheredwa Mayi Wamasiye

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Adzukulu ambiri amene akuphunzira kapena kugwira ntchito ku Britain amadutsa pafupi ndi chitsulo china chakale osadziwa ntchito yake. Chimapezeka m'malo osungirako zinthu zamakedzana, monga ku Beamish m'chigawo cha Durham, ndipo nthawi zina chimangoimikidwa pakhomo chitachita dzimbiri, eni ake atasanjikapo miphika ya maluwa. Chili ndi miyendo yachitsulo, zipika ziwiri zobulungira zogonekedwa china pamwamba pa chinzake, ndi gudumu lalikulu chakumbali lokhala ndi chogwirira. Wina amachiyesa chofinyira nzimbe, wina chosindikizira mabuku. Eni dziko amachitcha mangle. Amenewa ndi makina opukusa ndi manja amene ankafinya madzi m'zovala zochapa, n'kuzisalazanso zikayamba kuuma. Kwa zaka pafupifupi 100 anali chipangizo chodziwika m'nyumba za anthu wamba kumeneko, ndipo kwa amayi ena amasiye makinawa ndiwo anali munda wawo.

Kuti munthu amvetse kufunika kwa makinawa ayenera kuyamba wadziwa mmene kuchapa kunalili m'dziko lozizira lija magetsi asanafike m'nyumba. Tsiku lochapa linali Lolemba. Mayi ankadzuka kusanache kukasonkha moto pansi pa mphika waukulu womangiridwa m'ng'anjo ya njerwa. Zovala ankazivundula mumgolo ndi mtengo wokhala ndi timiyendo kunsi kwake, zoyera n'kuziwiritsa, kuzitsukuluza kangapo, kenaka kuziviika m'madzi a buluu kuti ziwale. Zonsezi zikatha, vuto lalikulu linali likadalipo, ndilo kuumitsa. Ku England dzuwa ndi losadalirika, mvula imagwa mwezi uliwonse, ndipo m'matauni a mafakitale utsi wa malasha unkadetsa nsalu zoyanika panja. Nthawi yachisanu zovala zinkayanikidwa m'nyumba momwemo, pafupi ndi moto, m'chipinda chimene banja linkaphikiramo ndi kudyeramo. Motero dontho lililonse lochotsedwa m'nsalu isanayanikidwe linali phindu. Kufinya ndi manja nsalu yaikulu yoyala pabedi kunkafuna anthu awiri opotokola uku ndi uku, manja ankachita matuza, ndipo ulusi wa nsaluyo unkafooka msanga chifukwa cha kupotokolako.

Nzeru yosalaza nsalu mwa kuipsinja popanda moto ndi yakale kuposa makina achitsulowa. Ku Norway, ku Denmark, ku Netherlands ndi kumpoto kwa Germany, amayi ankakulunga nsalu yachinyezi pamtengo wobulungira, n'kumaugubuduza patebulo pousindikiza ndi thabwa lalitali lokhala ndi chogwirira. Mathabwa amenewa ankasemedwa mokongola, kawirikawiri chogwirira chake chili ngati kavalo, ndipo mnyamata ankapereka thabwa lotere kwa mtsikana womutomera. M'zaka za m'ma 1600 kunabwera makina aakulu a bokosi. Linali bokosi lalitali lathabwa lodzazidwa ndi miyala, logonekedwa pa zipika zobulungira zimene ankakulungapo nsalu. Bokosilo likamakankhidwa kupita uku n'kubwerera, zipika zinkagubuduzika pansi pake ndipo kulemera kwa miyala kunkasalaza nsaluzo. Makina otere ankadya malo aakulu, choncho ankapezeka kwambiri m'nyumba za anthu olemera ndi kwa anthu ochapira ena pa malipiro. Makina oimirira a zipika ziwiri ndi magiya anayamba kufala cha m'ma 1850, ndipo amene amatchulidwa kawirikawiri kuti anawakonza ndi Robert Tasker wa ku Lancashire. Tauni ya Keighley ku Yorkshire inatchuka ndi mafakitale opanga makinawa, ndipo pa zitsulo zambiri zotsala lero dzina la tauniyi limawerengekabe.

Mayi wa m'nkhani ino satchulidwa dzina, pakuti amayi onga iye analipo ambirimbiri m'matauni a migodi ndi mafakitale a nsalu cha m'ma 1880. Mwamuna wake wamwalira, kaya ndi ngozi ya kuntchito kaya ndi chifuwa, ndipo wamusiyira ana aang'ono ndi nyumba ya lendi. Pa nthawiyo kunalibe penshoni ya boma ya amayi amasiye. Lamulo loyambitsa penshoni yotere linadzakhazikitsidwa mu 1925. Thandizo la akuluakulu oyang'anira amphawi m'dera linali lochepa, ndipo zinthu zikafika pothina panali nyumba ya amphawi yotchedwa workhouse. Potsatira lamulo la 1834, olowa m'nyumbayi ankalekanitsidwa, amuna kwaokha, akazi kwaokha, ana kwaokha. Mayi wolowamo ankadya ndithu, koma ana ake ankagona mbali ina ya mpanda. Kupita kukagwira ntchito kufakitale nakonso kunali kovuta kwa munthu wa khanda kumsana. Chimene ankasowa ndi ntchito yogwirira pakhomo pomwepo, maso ali pa ana.

Apa ndi pamene mwambo wa anthu a m'matauni aja unkaonekera. Anansi, anzake a malemu akuntchito kapena a mpingo ankasonkha ndalama n'kumugulira makina a mangle. Mabungwe othandiza osauka, monga Charity Organisation Society imene inayamba ku London mu 1869, nawonso ankapereka makina otere kapena makina osokera kwa amayi amasiye. Mayiyo ankaika chikwangwani pazenera chodziwitsa odutsa kuti pano amasalaza zovala. Tsono anansi omwe aja, amene ambiri a iwo analibe makina awoawo, ankabwera ndi madengu a nsalu zochapa n'kumalipira makobiri ochepa. Nzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. M'tauni ya mgodi mayi aliyense ankadziwa kuti mwamuna wake angathe kulowa pansi m'mawa osatulukanso.

Makina amene analowa m'khitchini ya mayiyu anali olemera kwambiri moti ponyamula pankafunika amuna angapo. Chimango chake chinali chachitsulo chosungunulidwa n'kuthiridwa m'chikombole. Zipika ziwiri zija zinali za mtengo wolimba wosadetsa nsalu, monga wa sycamore kapena wa maple, ndipo pakati pa chipika chilichonse pankadutsa mtanda wachitsulo. Chipika cham'munsi chinkangozungulira pamalo pake. Cham'mwamba chinali ndi mpata wokwera ndi kutsika pang'ono, pakuti nsonga zake zinkayenda m'ngalande za m'chimangocho. Pamwamba pa zonse panali sipuling'i yopindika ngati uta, yofanana ndi zimene zimakhala kunsi kwa lole, ndipo pakati pake panali sikuluwu yaikulu yokhala ndi chogwirira. Mayi akamanga sikuluwuyo, sipuling'i inkasindikiza nsonga zonse ziwiri za chipika cham'mwamba mofanana. Akaimasula, kupsinjako kunkachepa. Makina ena akale ankagwiritsa ntchito zitsulo zolemera zolendewera m'malo mwa sipuling'i, koma cholinga chinali chomwecho.

Munthu angadabwe kuti mayi mmodzi, mwinanso wosadya mokwanira, ankaipeza kuti mphamvu yofinya bulangete mpaka kukha madzi onse. Mphamvuyo inkachokera pa zinthu zitatu zogwirira ntchito pamodzi. Choyamba ndi kubulungira kwa zipika. Zinthu ziwiri zobulungira zimakhudzana pa kamzere kopyapyala chabe, choncho mphamvu yonse ya sipuling'i inkathera pa kamzere kameneko. Ndi mmenenso mpeni umadulira: dzanja ndi lomwelo, koma mphamvu yake yasonkhana pa malo aang'ono. Nsalu inkadutsa pa kamzereko pang'onopang'ono, ndipo mbali yake iliyonse inkalandira kupsinja konse pa nthawi yake. Mafakitale a shuga a ku Nchalo ndi ku Dwangwa amafinya nzimbe ndi nzeru yomweyi, kungoti zipika zawo ndi zachitsulo ndipo zimayenda ndi injini.

Chachiwiri ndi magiya. Chogwirira sichinkazunguza chipika mwachindunji. Chinkazunguza kagiya kakang'ono, ndipo mano a kagiyako ankakoka giya yaikulu yolumikizidwa ku chipika. Dzanja linkazungulira kangapo kuti chipika chizungulire kamodzi, koma pa kuchedwa kumeneko mphamvu inkachuluka. Aliyense amene anakwerapo chitunda pa njinga ya magiya amazidziwa: miyendo imapalasa kambiri, njinga imayenda pang'ono, koma katundu amafika pamwamba. Kumbali ina ya makinawo kunali magiya awiri olumikiza zipika kuti zizizungulira pamodzi, china cholowera uku china cholowera uko, n'kumakokera nsalu pakati. Mano a magiya amenewa ankawapanga aatali dala, kuti nsalu yochindikala ikakankhira chipika cham'mwamba m'mwamba, manowo asasiyane.

Chachitatu ndi gudumu lija. Linali lolemera makamaka m'mphepete mwake, ndipo chinthu cholemera chikayamba kuzungulira sichifuna kuima msanga. Kuliyambitsa kunali kovuta, koma likayenda linkasunga liwiro. Nsalu ikafika pa msoko wochindikala, pamene dzanja lokha likadaima, gudumu linkaiwolotsa.

Nsalu imodzi inkadutsa m'makinawa maulendo awiri osiyana, ndipo ambiri oona makinawa lero amangodziwa ulendo woyamba. Woyambawo unali wofinya. Nsalu yochokera m'madzi otsukuluzira inkapindidwa m'litali n'kulowetsedwa pakati pa zipika. Madzi ankathawira kumbuyo, kutsetsereka pa thabwa lopendekeka, n'kugwera m'beseni loikidwa pansi. Nsalu inkatuluka mbali inayo ili yathyathyathya ndi yopepuka, ndipo inkauma m'nthawi yochepa poyerekeza ndi yofinyidwa ndi manja.

Ulendo wachiwiri ndiwo unali wa luso, ndipo ndi umene anthu ankalipira. Nsalu inkachotsedwa pachingwe isanaumiretu, idakali ndi chinyezi chongomveka pang'ono poikhudza. Ikauma mopitirira, mayi ankaiwaza madzi ndi zala, kuikulunga, n'kuisiya kuti chinyezi chifalikire ponseponse. Zipika ankazipukuta kuti ziume. Kenaka iye ndi mwana wake wamkulu ankagwira ngodya za nsalu, kukokana mpaka iwongoke, n'kuipinda mofanana ngodya pa ngodya. Mwana ankapukusa, mayi ankalowetsa nsalu ndi zikhatho zotambasula, ndipo mwana wina ankalandira kuseri. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Nsalu inkadutsa kawiri kapena katatu, kenaka n'kuyanikidwa pa timitengo pafupi ndi moto kuti chinyezi chotsala chichoke isanapindidwe m'dengu.

Chifukwa chimene chinyezi chinkafunikira chili m'chilengedwe cha ulusi. Ulusi wa thonje ndi wa fulakesi unapangidwa ndi timinyewa tating'onoting'ono togwirana. Madzi akalowa pakati pa timinyewato, kugwirana kuja kumamasuka ndipo ulusi umalola kupindika kapena kuwongoka. Madzi akachoka, timinyewa timagwirananso mmene tapezekera pa nthawiyo. Ichi n'chifukwa chake malaya oumira pamulu amatuluka ndi makwinya okhaokha. Makina a mangle ankapeza ulusi udakali wofewa, kuugoneka mosalala, ndipo unkauma uli chomwecho. Nsalu youma gwa inkatuluka ndi makwinya ake onse ngakhale sikuluwu imangidwe chotani. Yonyowa kwambiri inkasalala, koma poyanika inkachitanso makwinya. Pa nsalu za fulakesi, monga zoyala patebulo, kupsinjako kunkaphwatalitsa ulusi mpaka nsalu inkanyezimira, ndipo amayi ankanyadira kunyezimira kumeneko.

Makinawa analibe maso. Chimene chalowa chokhota chinkatuluka chokhota, ndipo khwinya lolowa pakati pa zipika linkatuluka litasanduka mzere wakuthwa wovuta kuuchotsa kuposa poyamba. M'mera m'poyamba. Ntchito yeniyeni inali pa kupinda, ndipo mayi wofulumira kupukusa asanapinde bwino ankayambiranso kuwaza madzi. Mabatani ankasweka ngati sanapindiridwe m'kati mwa nsalu, ndipo batani losweka la malaya a mwini ndalama linali mlandu. Zovala zokhala ndi mapindo ndi makolala zinkafunabe simbi yotenthetsa pamoto, choncho makinawa ankathandiza kwambiri pa zinthu zathyathyathya: nsalu zoyala pabedi, zovundikira mapilo, matawulo, maepuloni ndi nsalu za patebulo. Sikuluwu nayo inkafuna muyeso. Bulangete linkafuna kuimasula, kansalu kopyapyala kankafuna kuimanga, ndipo womanga mopitirira ankadula ulusi ndi kulemetsa dzanja la wopukusa pachabe.

Ngozi yoopsa kuposa zonse inali ya zala. Zipika zinkakoka chilichonse chofika pakamwa pake, ndipo gudumu lolemera lija silinkaima nthawi yomweyo munthu akakuwa. Ana ambiri anaphwanyidwa zala pothandiza amayi awo kapena posewera, ena pakati pa zipika, ena m'mano a magiya amene pa makina ambiri anali osavundikira. Mayi wamasiye sakanatha kuwachotsa anawo pa ntchitoyi, pakuti popanda wopukusa iye sakanatha kulowetsa nsalu. Ankangowaphunzitsa kusunga zikhatho kutali ndi kusapukusa asanauzidwe.

Charles Dickens, m'buku lake lotchedwa Our Mutual Friend la mu 1864 ndi 1865, analemba za nkhalamba yosauka dzina lake Betty Higden, imene inkapeza chakudya ndi makina osalazira zovala ndiponso kulera ana a eni, ndipo mnyamata wamasiye Sloppy ndiye ankapukusa. Nkhalambayo inkaopa workhouse kuposa imfa. Anthu a m'bukumo ndi opeka, koma owerenga a nthawi imeneyo ankawazindikira msanga chifukwa amayi otere ankawaona m'misewu yawo.

Kunena zoona, makinawa sankalemeretsa munthu. Malipiro anali makobiri, ndipo makobiri 12 ndiwo ankapanga sheleni imodzi, monga zinalili ku Malawi kwacha isanabwere mu 1971. Msewu umodzi ukakhala ndi amayi amasiye awiri kapena atatu a makina, madengu ankagawanika ndipo aliyense ankapeza zochepa. Mitengo ya makina itatsika, mabanja ambiri anagula awoawo n'kusiya kubwera. Amayi ambiri ankaphatikiza ntchitoyi ndi kuchapira ena, kusoka kapena kusunga alendo olipira. Komabe lendi ikalipidwa Loweruka, ana ankagona m'nyumba imodzi ndi mayi wawo sabata inanso, ndipo mayiyo ankalandira ndalama ya ntchito yake popanda kugwada pakhomo pa munthu.

Madzulo ntchito ikatha panali lamulo limodzi losaiwalika. Mayi ankamasula sikuluwu, kupukuta zipika, kudontheza mafuta m'magiya, n'kufunditsa makinawo nsalu. Sipuling'i yosiyidwa yomangika usiku wonse inkafooka, ndipo zipika zogona zopanikizana zinkaphwatalala mbali imodzi n'kuyamba kudumphitsa nsalu. Zipika zosiyidwa zonyowa zinkawola, zoumitsidwa pafupi kwambiri ndi moto zinkang'aluka. Makina osamalidwa motere ankakhala zaka makumimakumi, mpaka kusiyiridwa mwana wamkazi.

Pambuyo pake kunabwera timakina tating'ono ta zipika za labala, monga ta kampani ya Acme ya ku Glasgow, tomangirira pa beseni kapena pa tebulo, ndipo labalayo sinkaswa mabatani ngati mtengo. Makina ochapira amagetsi oyambirira ankakhala ndi zipika zofinyira pamwamba pake. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 kunafala makina ochotsa madzi mwa kuzunguza zovala mwaliwiro, ndipo zitsulo zolemera zija zinatulutsidwa panja, zambiri n'kugulitsidwa kwa osungunula zitsulo. Nzeru yake yokha sinafe. M'mahotela ndi m'zipatala nsalu zoyala pabedi zimasalazidwabe pa zipika zazikulu zotenthetsedwa, ndipo ku Sweden nyumba zambiri zogona mabanja ambiri zili ndi makina a mangle amagetsi m'chipinda chochapira.

Ku Malawi chida chimene chinazika mizu ndi simbi ya makala, ndipo pali zifukwa zomveka. Dzuwa limaumitsa zovala m'maola ochepa miyezi yambiri ya chaka, motero kufinya si vuto lalikulu. Komanso kuli ntchentche imene imaikira mazira pa zovala zachinyezi zoyanikidwa panja kapena pansi, ndipo mphutsi zake zimalowa m'khungu la munthu n'kuchititsa zotupa zonga zithupsa. Kutentha kwa simbi kumapha mazira ndi mphutsizo, pamene kupsinja kozizira sikungadaliridwe pa ntchito imeneyi. Agogo oumirira kuti matewera ndi zovala zam'kati zisitidwe ankadziwa chimene ankachita.

Chimene mdzukulu angabwere nacho kuchokera ku chitsulo chadzimbiri chija ndi funso la zimene zimachitika maliro akatha. Pamaliro anthu amasonkha ufa, nkhuni ndi chipepeso, ndipo mwambo umenewu ndi wabwino. Koma chipepeso chimatha anthu asanaiwale n'komwe nyimbo za pamanda. Anthu a m'matauni aja ankasonkha chida, kenaka n'kumabwera ndi madengu awo sabata ndi sabata, pakuti chida chopanda obweretsa ntchito sichidyetsa mwana. Kwina zimachitika mosiyana: mwamuna akangoikidwa, abale ake amanyamula makina osokera, njinga ndi malata, mayi n'kutsala ndi ana ndi mphasa. Ku Malawi khalidwe lolanda chuma cha masiye linafika poti lamulo la mu 2011 loona za chuma cha omwalira linalitcha mlandu. Pafupifupi m'mudzi uliwonse ndi m'tauni iliyonse muli mayi wamasiye wosoka, wophika mandasi kapena wosita zovala za eni ndi simbi ya makala, ndipo anansi ake amasankha okha kumene apite ndi dengu lawo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.